Benchi Lakumbuyo la a Januario

M'tchalitchi chathu chaching'ono, kumunsi kwa phiri la Soche, muli mabenchi makumi anayi ndi awiri. Onse anakhoma ndi a Januario. Lomaliza, la kukhomo chakumanja, ndi lalifupi chifukwa matabwa anawathera. Limakwana anthu awiri okha. Pamenepo ndi pomwe ankakhala iwo ndi akazi awo, a Evelina, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Ine ndine Hawkins. Ndinali womanga nyumba, komanso ndinakhala mlembi wa komiti ya tchalitchi mpaka maso atayamba kuvuta. Ndikulemba za a Januario chifukwa ana a masiku ano amakhala pa mabenchiwo osadziwa amene anawakhoma.

Anabwera ku Manje mu 1992 kuchokera ku Nsanje, atanyamula bokosi la zipangizo za ukalipentala. Nthawi imeneyo phiri linali ndi mitengo. Nyumba zinkawerengeka, ndipo madzi a mumtsinje tinkamwa. Ku Limbe tinkapita wapansi, tikucheza njira yonse. Tchalitchi tinkachimanga Loweruka lililonse. Amayi ankatunga madzi, ife tikuumba njerwa. Munthu wamfupi, wakuda bii, wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, anangofika tsiku lina n'kufunsa kuti zitseko apanga ndani.

"Palibe," ndinatero ine.

"Ndiye ndilipo."

Tinkawaseka za jeketeyo. Mkazi wanga Olive ndiye sankawasiya.

"A Januario, vulani jekete, mupsa."

"Mayi, kuno kwanu kulibe dzuwa. Ichi ndi chithunzi chabe cha dzuwa. Dzuwa lenileni tinalisiya kwathu."

Kuti a Januario ndi a Evelina salandira Ukaristia tinazindikira pa Misa yoyamba. Anthu onse atadzuka kupita kuguwa, iwo awiri anagwada pomwe analipo n'kuweramitsa mitu. Nkhani yake inali yotere. A Evelina anakwatiwa koyamba ali mtsikana, ukwati wa m'tchalitchi, ndi munthu wina dzina lake Dominiko. Patatha zaka ziwiri Dominikoyo anapita ku Joni, n'kukwatira kumeneko. Sanabwerenso, komanso sanamwalire. Mwa lamulo la mpingo ukwati woyambawo unali ulipobe. Choncho a Januario atawatenga a Evelina, onse awiri anaimitsidwa pa masakramenti.

Anayesa kukonza. Makalata ena ndinalemba ndine. Mboni za ukwati woyamba zinali zitamwalira, Dominiko sankayankha. Nkhani inathera pomwepo. Mkulu wina wa mphakati wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, anawalangiza kuti angopatukana kuti ayambe kulandira. A Januario anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Mayiyu wina anamusiya kale," anatero. "Ndimusiyenso ine kuti Ambuye akondwe? Sindikhulupirira kuti angakondwe."

Sanakwiye, sanasamukire mpingo wina, ngakhale ankaitanidwa kambiri. Pa chisankho cha komiti anthu ankatchula dzina lawo, ndipo ine monga mlembi ndinkaimirira kunena kuti lamulo silikulola. Chaka ndi chaka ndinkanena zimenezo iwo ali pomwepo.

"Lembani ena, achimwene," ankatero. "Ine mundilembe pa misomali."

Sankatha kuimira mwana pa ubatizo, koma bokosi la maliro la mkhristu wosauka ankakhoma ndi iwo. Benchi likayamba kugwedera, Lolemba m'mawa ankapezeka ndi nyundo. A Evelina ankasesa ndi kukolopa. Mawondo ankawavuta, ndiye anasoka kansalu kokhuthala kuchokera ku bulangeti lakale, kogwadirapo. Kankakhala pansi pa benchi lawo lija. Aliyense ankadziwa kuti n'kawo, ndipo osesa ankakabwezera pomwepo.

A Januario ankakonda kunena kuti iwo ali ndi masiku awiri pachaka, la phulusa ndi la mtanda. Pa masiku awiri amenewa aliyense amapita kutsogolo, wolandira ndi wosalandira yemwe. Loposa linali Lachisanu Loyera. Kwathu kuno tsikuli timavula nsapato, n'kuima pamzere, aliyense n'kugwada ndi kupsompsona mtanda. Mtandawo anapanga ndi iwo, wa mlombwa, wotalika ngati munthu. Chaka chilichonse nyengo ya Lenti ikamatha ankautulutsa panja, kuupala ndi sandipepala, n'kuupaka mafuta. Sankalola munthu wina kuukhudza ndi chida.

Tsikulo ankabwera atapolisha nsapato mpaka kuwala.

"Mwapolisha nsapato kuti mudzazivule pakhomo?" Olive ankafunsa chaka chilichonse.

"Nazonso zikudziwa kuti lero tikupita kutsogolo."

Ankadikira kuti onse athe. Kenako awiriwo ankayenda limodzi pang'onopang'ono, a Evelina kutsogolo, iwo pambuyo. Ine ndinkagwira mtanda, choncho ndinkawaona pafupi. Sankalira, sankachita zodzionetsa. Ankagwada, kupsompsona, n'kubwerera kumbuyo kukadikira chaka china.

Zinayenda chonchi mpaka Malichi wa 2023, pomwe kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku atatu osakata. Lolemba m'mawa a Januario anakumbukira kuti denga la kachipinda kosungira mtanda limadontha. Anafunda pepala la pulasitiki n'kutsetsereka kupita kutchalitchi. A Evelina anatsala kunyumba. Ali m'kachipindamo anamva mkokomo kuphiri. Matope ndi miyala zinatsika, ndipo mzere wonse wa nyumba zakwawo unapita.

Anathamangira kumtunda n'kuyamba kukumba ndi manja. Mwala unawagwera paphazi, koma sanasiye mpaka anthu anawachotsapo. Thupi la a Evelina linapezeka tsiku lachinayi. Maliro anali ambiri moti panalibe nthawi ya Misa kapena nyimbo. Anaikidwa mofulumira pamodzi ndi ena, pemphero lalifupi basi. Ana analibe. Bokosi la zipangizo linapita, nsapato zija zinapita. A Januario anatsala ndi jekete yomwe anavala.

Anawasunga pa sukulu ina pamodzi ndi mazana a anthu. Ine ndi Olive tinapita kukawaona, titanyamula bulangeti. Tinawapeza atakhala pakhonde la kalasi, phazi atalimanga nsalu. Anali ndi matenda a shuga, ndipo balalo silinkaoneka bwino. Tinakhala nawo kanthawi. Ine sindidziwa kutonthoza munthu. Ndimadziwa kuona chomwe chingakonzeke n'kuchinena. Ndiye ndinanena.

"Achimwene, pepani kwambiri. Koma taonani, tsopano njira yatseguka. Mukalape, Pasaka ino muyambe kulandira."

Mwa lamulo ndinkanena zoona. Mwamuna amene mkazi wake wamwalira alibenso chomuletsa. Ndinkaganiza kuti ndawabweretsera nkhani yabwino. Iwo anandiyang'ana.

"Ndiye kuti chotchinga chinali Evelina?"

"Ayi, sindikutanthauza choncho."

"Matope achotsa chotchinga. Ndamva, a mlembi."

Anali asanandiitanepo a mlembi kunja kwa msonkhano. Anatembenukira kukhoma. Pobwerera Olive anayenda kutsogolo kwanga mpaka pamsika osandilankhula, kenako anaima.

"Zaka zonsezi mwakhala mukuika zitseko m'nyumba za anthu, koma pakamwa panu mpaka lero palibe chitseko."

Lamulungu lotsatira benchi lakumbuyo linali lopanda munthu. Linalo chimodzimodzi. Ena a pa sukulu paja ankabwera, ngakhale ovulala. A Januario ayi. Munthu amene sanajombepo zaka makumi atatu akukanizidwa Ukaristia, anasiya kubwera tsiku lomwe ine ndinamuuza kuti waloledwa. Phazi lija linkaipiraipira. Ndinaona kuti akhoza kumwalira ali kunja kwa tchalitchi, asanalandire, ndipo wowatulutsa ndikhala ine.

Kupepesa ndi mawu sindinkadziwa poyambira. Kutatsala sabata kuti Lachisanu Loyera lifike, ndinalowa m'kachipinda kaja. Mtanda unali utanyowa mbali imodzi, utachita nkhungu. Ndinaukweza pa wilibala, ndinatenga sandipepala ndi botolo la mafuta, n'kukankha mpaka kusukulu. Anthu panjira ankandiyang'ana. Mayi wina wogulitsa tomato anafuula kuti, "Bambo Hawkins, masiku ano mtanda mukusenzera pa wilibala? Mwauchenjerera!"

Ndinautsamiritsa pakhonde pafupi ndi a Januario.

"Wachita nkhungu. Ine za matabwa sindidziwa. Mukapanda kuukonza ndiupaka laimu."

"Laimu? Pa mlombwa?"

"Ndi zomwe ndimadziwa."

"Bweretsani kuno musanauwononge."

Anaugoneka pamiyendo n'kuyamba kupala. Anagwira ntchito mwina ola lathunthu. Ine ndinangokhala pa njerwa. Kenako ndinati, "Ndinalakwa tsiku lija."

"Munalakwadi."

Anapitiriza kupala.

"Mwawakwiyira Ambuye?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndimawafunsa tsiku lililonse chifukwa chake anatenga iye n'kusiya ine. Sayankha. Koma ndagwirapo ntchito kwa mabwana osayankha, ndipo ntchito sindinasiye." Anauzira fumbi pa thabwa. "Chondivuta ndi china. Zaka zonsezi anthu akamadzuka, ife tinkagwada awiri. Iye ankafuna kulandira kuposa ine. Ankatsatira mzere uja ndi maso. Waikidwa ngati munthu wopanda mpingo, dzina lake silinamveke ngakhale kamodzi paguwa. Ndiye ine ndidzuke ndekha, ndipite kutsogolo, iye ndimusiye kumbuyo? Ndisiyana chiyani ndi Dominiko?"

Pamenepo ndinamva. Tsiku lomwelo ndinapita kwa Bambo Mfumu amene amatitumikira, wansembe wachinyamata yemwe anali atangokhala nafe miyezi isanu ndi itatu. Ndinawafotokozera zonse, ndi zomwe ndinanena ine zomwe. Ndinafunsa ngati n'kotheka kutchula paguwa dzina la munthu amene wamwalira asakulandira.

"Anakuuzani ndani kuti n'zosatheka?"

Ndinaganiza. Palibe anandiuza. Ndinangozolowera kunena kuti lamulo silikulola.

"Mayi ameneyo anabatizidwa, ndipo wakolopa tchalitchi chino ine ndisanayambe sukulu," anatero. "Pa Pasaka ndidzamutchula. Sabata yotsatira tidzapita kukadalitsa manda ake, ndipo tidzachita Misa yake. Kawauzeni bambowo. Koma a Hawkins, mukanene zokhazo. Musakawonjezere."

Ndinakanena zokhazo. A Januario anangoti, "Takhuta," kuthokoza kwa kwawo ku Nsanje. Za kulandira sananene kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Lachisanu Loyera masana tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Ambiri anali atataya abale. Mwambo utayamba ndinaona a Januario akulowa ndi ndodo, phazi limodzi lili m'nsalu, linalo m'patapata lopatsidwa. Anakhala pa benchi lawo. Olive anawayandikira n'kunong'ona, koma ndinamva.

"Lero simunapolishe."

"Lero ndabwera nditavula kale, mayi."

Ndinagwira mtanda monga mwa masiku onse. Mzere unatenga nthawi yaitali. Ena ankaukumbatira osafuna kuusiya. Onse atatha, a Januario anadzuka. Kuchokera kukhomo kufika kutsogolo ndi mapazi makumi atatu, koma anayenda ngati akuchokera ku Limbe. Palibe anawathandiza, chifukwa tinkadziwa kuti akana. Anagwada movutikira. Anapsompsona mtanda. Mayi wopukuta mtanda anabweretsa kansalu kake, koma iwo anamuimitsa ndi dzanja, n'kupsompsonanso kachiwiri.

"Kumeneko n'kwa Evelina," anatero chapansipansi.

Podzuka anagwira mkono wa mtanda, chala chawo n'kuima pamalo pomwe matabwa amakumana.

"Msomali wakumanzere wayamba kugwedera. Musamaunyamule pa wilibala."

Loweruka masana anapita kukalapa. Olive anali akukonza maluwa paguwa, ndipo anabwera kunyumba ndi lipoti.

"Machimo a zaka makumi atatu, mphindi khumi zokha. Inu a mwezi umodzi mumatha theka la ola."

Komabe kulapa si kulandira. Lamulungu la Pasaka m'mawa ndinakhala pampando wanga kutsogolo, khosi likungotembenukira kumbuyo. Pofika popempherera akufa, Bambo Mfumu anatchula onse amene anapita ndi matope, mmodzimmodzi. Mayina anali ambiri. Pomaliza anati, "Ndi Evelina, mkhristu wa mpingo uno, amene anatumikira nyumba ino zaka makumi atatu ndi chimodzi." Amayi ena analira. A Januario anali chigwadire, mutu uli pansi.

Nthawi yolandira inafika. Anthu anadzuka benchi ndi benchi. Iwo sanasunthe. Mzere unafupika, kunatsala anthu khumi, kenako atatu. Mumtima ndinati basi, zakanika, ndipo mlandu ndi wanga. Womaliza atalandira, Bambo Mfumu sanabwerere kuguwa. Anangoima pomwepo. Kwaya inamaliza nyimbo n'kuyambanso ndime yoyamba.

Ndipo a Januario anawerama, n'kupisa dzanja pansi pa benchi. Anatulutsa kansalu ka a Evelina kogwadira kaja. Pa katundu yense wa mayiwo ndi kokhako komwe matope sanatenge, chifukwa kankagona kutchalitchi. Anakapinda, kukaika m'khwapa, n'kutenga ndodo. Anayenda mapazi makumi atatu aja. Atafika anakayala pansi bwinobwino, anagwadapo, n'kutambasula manja a ukalipentala aja. Analandira. Anakhala chigwadire pang'ono, kenako anatola kansaluko n'kubwerera kumbuyo.

Misa itatha ndinawapeza panja.

"Tsopano muzikhala kutsogolo ndi ife. Malo alipo."

"A Hawkins, mwayambanso?"

Ndinatseka pakamwa.

"Kumbuyo kuja ndimaona benchi lililonse lomwe likugwedera," anatero. "Kutsogolo mumangoona ansembe."

Manda tinakadalitsa Lachiwiri lotsatira, ndipo Misa ya a Evelina inachitika. A mphakati anawapezera a Januario kachipinda ku Nancholi, kwa mkhristu mnzathu. Phazi silinapole. Madokotala anadula zala ziwiri, kenako phazi lonse. Ankabwerabe Lamulungu lililonse pa njinga ya kabaza, n'kulandira pomaliza, atagwada pa kansalu kaja. Pa chisankho cha chaka chimenecho anthu anatchulanso dzina lawo. Ulendo uno ndinalibe lamulo loti ndinene. Anakana okha.

"Ndinakuuzani kale, mundilembe pa misomali."

Anamwalira mu Juni chaka chotsatira, nyengo yozizira yomwe ankadana nayo. Tinawaika atavala jekete. Kansalu kaja Olive anakaika m'bokosi. Bokosilo tinagula kwa kalipentala wina wa mumsewu, ndipo chivundikiro sichinkakhala bwino. Akanaona akanalibweza.

Masiku ano phiri ndi lodazi, ndipo pomwe panali nyumba yawo pali miyala. Komiti yatsopano ikufuna kuchotsa mabenchi n'kuika mipando ya pulasitiki. Ndawauza kuti achite zomwe akufuna, koma lalifupi la kukhomo alisiye. Pamakhala ochedwa, ndi amayi a ana olira. Pali banja lina lachinyamata lomwe ndaona kuti silidzuka nthawi yolandira. Nalonso lapeza malo pomwepo. Sindinawafunse kanthu.

Mtanda ndimaupaka mafuta ndekha. Msomali wakumanzere ukugwederabe. Sindinapeze munthu amene ndingamukhulupirire kuti aukhome, ndiye Lachisanu Loyera ndimangoupanikiza ndi chala mpaka mzere uthe.